Kishi ya agogo khukhi: chakudya chimodzi, makhitchini awiri

Mabanja a kuno kwathu sadayambe lero kukhala motalikirana. Makolo athu adakwera ndege za Wenela kupita ku migodi ya ku Joni, ena adayenda pansi mpaka ku Salisbury ndi ku Wankie, ndipo amene adachedwa kubwerera adapatsidwa dzina loti machona. Ngakhale pamene ndege ija idagwa ku Francistown mu 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa kalembera wa Wenela, njira ya kumwera siidamere udzu. Amuna ankatumiza zimene zikadatheka kutumizidwa: ndalama, mabulangete, njinga, wailesi, ndi kalata imene mwana wasukulu ankawerengera amayi ake pakhonde. Koma padali chinthu chimodzi chimene positi siikadatha kunyamula, ndicho kudyera pamodzi. Kwa ife kudya si kukhutitsa mimba kokha ayi. Anthu amene asamba m'manja m'beseni limodzi ndi kutema nsima imodzi ndiwo a pabanja, ndipo mwamuna akaleka kudya chophika mkazi wake, ankhoswe amadziwiratu kuti pali mlandu.

Masiku ano ochoka si amuna okha. Mkazi wanga ndi namwino, ndipo adagwira ntchito zaka 11 pa chipatala china m'boma lino la Dedza. Ine ndine mphunzitsi wa ku sekondale. Pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro a anthu awiri adayamba kutha mwezi usadafike pakati. Tidakhala pansi, tidawerengetsa, ndipo mu Meyi 2024 iye adanyamuka kukagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi mzinda wa Leeds ku Britain. Tinkadziwa bwino lomwe kuti kuyambira pa 11 Malichi chaka chomwecho boma la kumeneko lidaletsa antchito osamalira okalamba ochokera kunja kutenga amuna awo, akazi awo kapena ana awo. Tidasankha maso ali gwa. Walira mvula walira matope. Ine ndidatsala ndi mwana wathu wamkazi, amene pa nthawiyo adali ndi zaka 9.

Anthu amaganiza kuti popeza tili ndi WhatsApp, mtunda udatha. Zoona zake n'zakuti foni imafupikitsa mtunda koma imafupikitsanso nkhani. Miyezi yoyamba tinkacheza mpaka bandulo kutha. Pofika mwezi wachisanu macheza athu adali atasanduka mafunso anayi: mwadzuka bwanji, ndalama zafika, fizi mwalipira, amayi ali bwanji. Iye ankaimba atatopa ndi ntchito yausiku, ine ndili ndi mulu wa makope oti ndichonge. Mwana ankabwera pa foni, kupereka moni mwaulemu ngati akulonjera mlendo, n'kuthawira panja. Sitidakangane ayi. Tinkangopenyana pa galasi la foni ngati anthu amene akudikira basi imodzi.

Tsiku lina iye adati: “Bambo a mwana, kodi tikhala tikungowerengetsana ndalama mpaka liti? Pitani kwa amayi mukabwereke kope lija. Ndikufuna tiphike kishi ya agogo, inu uko ine kuno.”

Chakudya chimene chidabwera ndi ansembe

Chakudya chimenechi Afalansa amachitcha quiche, ife timangoti kishi. Kwawo kwenikweni ndi ku Lorraine, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa France chimene chili m'malire ndi Germany, Luxembourg ndi Belgium. Dzinali lidachokera ku mawu a Chijeremani oti Kuchen, kutanthauza keke, ndipo zimenezi n'zosadabwitsa pa dera limene mbali yake ina idalamulidwa ndi Germany kuyambira 1871 mpaka 1918. Kishi ndi chigoba chopyapyala cha fulawa ndi mafuta, chimene m'kati mwake amathiramo mazira osakaniza ndi kirimu pamodzi ndi timagawo ta nyama ya nkhumba yowamba, n'kuwotcha mu uvuni. Tchizi chimene ambiri amathiramo masiku ano chidabwera pambuyo, ndipo eni ake ena a ku Lorraine sachilola n'komwe.

Wina angafunse kuti chakudya cha ku Nancy ndi ku Metz chidafika bwanji m'mudzi wa m'phiri ku Dedza. Ansembe a White Fathers adatsegula mishoni ya Mua mu 1902, ndipo ambiri mwa oyambawo adali Afalansa. Ngakhale amene adayambitsa chipani chawocho mu 1868, Kadinala Charles Lavigerie, adayamba wakhala episkopi wa ku Nancy asadapite ku Algiers. Agogo ake aamuna a mkazi wanga adali khukhi pa mishoni ina ya ansembe amenewa kwa zaka zoposa 20, ndipo wansembe wina wochokera ku Lorraine, amene ankasowa chakudya cha kwawo, ndiye adawaphunzitsa. Pa mishoni padali ng'ombe ndi nkhumba, choncho agogowo ankayengula kirimu pa mkaka wogona ndi kuwamba okha nyama pa utsi. Tsiku la Khirisimasi, akatha kuphikira ansembe, ankapanga kishi ina yaing'ono ya ana awo, pa moto wa nkhuni kuseri kwa nyumba.

Agogo khukhi sankadziwa kulemba. Miyeso yonse idali m'manja ndi m'maso mwawo. Mwana wawo wamkazi, amene ndiwo apongozi anga, ndiye adaikhazika m'kope la sukulu bambo awo atakalamba. Kopelo lilipo mpaka lero, lofiirira ndi utsi, ndipo tsamba la kishi lili ndi dontho lalikulu la mafuta pakona. Miyeso yake ndi iyi: fulawa zitini ziwiri, mafuta theka la chitini, mchere wotsina ndi zala zitatu, madzi ozizira zigoba zitatu za dzira loswedwa pakati. Zam'kati: mazira anayi, mkaka chitini chimodzi ndi theka, anyezi mmodzi, nyama yodzadza dzanja. Pansi pake adalembapo chenjezo limodzi lokha: usafulumire.

Pempho la mkamwini

Aliyense wodziwa mwambo wa Achewa akudziwa kuti mkamwini salowa m'khitchini ya apongozi ake ngati mwana wa pakhomo. Ndidatumiza kaye mawu kudzera mwa mlamu wanga, kenaka Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndidapita, n'kukhala chapatali pa mpando umene adandipatsa.

“Amayi, ndabwera ndi pempho la mwana wanu. Akuti mundibwereke kope la agogo.”

Adandiyang'ana chammbali, akumwetulira. “Kodi bambo, choko mwasiya, mukufuna kugwira mthiko?”

Ndisadayankhe, adalowa m'nyumba n'kutuluka nalo litakulungidwa m'pepala la pulasitiki. “Zimene zili umu zidachokera m'manja mwa mwamuna,” adatero. “Bambo anga ankavala epuloni, ndipo palibe m'mudzi muno amene adawaseka, chifukwa epuloniyo ndiyo idatiphunzitsa sukulu. Tengani. Koma libwerere, ndipo mukaphika mundipatseko ndilawe.”

Mawu amenewo ndidawasunga. Timakonda kunena kuti kuphika ndi ntchito ya amayi, koma m'nyumba za atsamunda, m'mamishoni ndi m'mahotela makhukhi adali abambo. Mwamuna ankaphika kumene kuli malipiro, akafika kwawo n'kukhala pa mpando kudikira nsima. Ife amene akazi athu ali kutali tikuphunzira mochedwa zimene agogo khukhi ankachita tsiku la Khirisimasi: kuphikira ana ako omwe.

Mmene timachitira

Tidasankha Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, ndipo iye amapempheratu kuti tsikulo asakhale pa ntchito. Nthawi imafuna kuisamala. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala ife timakhala patsogolo ndi ola limodzi, miyezi yotsalayo ndi maola awiri. Mu Juni, pamene ife tikunjenjemera ndi chisanu cha ku Dedza, iye amakhala atatsegula zenera, dzuwa likuwala mpaka 9 koloko usiku. Mu Disembala ife tikutuluka thukuta, kwa iye kunja kwada kale 4 koloko madzulo.

Foni ndimaiimika pa chitini cha shuga, moyang'ana tebulo. Iye amaika yake pa shelefu ya m'khitchini imene amagawana ndi anzake atatu. Loweruka loyamba adayesa miyeso ya agogo pa sikelo, n'kupeza kuti zitini ziwiri za fulawa ndi magalamu pafupifupi 250, ndipo theka la chitini la mafuta ndi magalamu pafupifupi 120. Tidaseka pozindikira kuti mkulu wosadziwa kulemba uja adali ndi muyeso womwewo umene mabuku a zophikaphika amaphunzitsa: mafuta akhale theka la kulemera kwa fulawa.

Iye amagwiritsa ntchito batala, ife majarini. Mafutawo amafikisidwa mu fulawa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati mchenga wonyowa. Apa ndi pamene mwana amatiposa tonse, chifukwa zala zake n'zazing'ono ndiponso zozizira. Amene adazolowera kukanda mandasi ayenera kudziletsa, pakuti fulawa ikakandidwa kwambiri imatanuka, ndipo chigoba chimauma gwa ngati chikopa. Madzi akathiridwa, mumangosonkhanitsa ufawo kukhala mpira umodzi, n'kuusiya upume theka la ola pamalo pozizira. Kenaka timaufutukula ndi botolo, kuuyala m'mbale yachitsulo, kuubaya ndi foloko, kuyalapo pepala ndi kuthirapo nyemba zouma kuti usatukumuke, n'kuuwotcha wokha kwa mphindi 15. Nyemba zimenezo sizidyedwanso. Tili nazo m'botolo lawolawo, ndipo zagwira ntchito imeneyi kuyambira tsiku loyamba.

M'malo mwa kirimu ife timasakaniza mkaka ndi chambiko. Poyamba tinkayesa kuti ndi njira ya osauka, mpaka mkazi wanga adalawa kirimu amene Afalansa amathira mu kishi n'kupeza kuti nayenso ngwowawasa pang'ono. Nyama ya nkhumba yowamba ikasowa kapena ikakwera mtengo, timakazinga anyezi ndi bonongwe, kufinya madzi onse, n'kuthira m'chigobamo. Apongozi akuti bambo awo ankachitanso chimodzimodzi pa nyengo ya Lenti.

Uvuni wa mkazi wanga uli ndi kabatani kamene amangopotokola kufika pa madigiri 180. Wanga ndi mbaula, poto wamkulu wokhala ndi mchenga pansi, ndi chivundikiro cha lata chimene ndimaikapo makala amoto pamwamba, monga momwe amayi amaphikira chigumu. Moto wa pansi uyenera kuchepa, wa pamwamba uchulukepo pang'ono. Dzira silifuna ukali: likapsa ndi moto wambiri limakhwinyata n'kulavula madzi, ndipo kishi imatuluka yamabowo. Iyenera kuphulidwa pakati pake pakadali kunjenjemera pang'ono, chifukwa imapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe. Yake imatenga mphindi 35, yanga 45 kapena kuposerapo, choncho ine ndimayamba kuika, iye n'kudikira mphindi 10 kuti tikaphulire limodzi.

Zimene zimanenedwa podikira

Phindu lenileni la ntchito yonseyi lili m'mphindi zodikirazo. Manja atha ntchito, palibe angachoke chifukwa moto ukufuna maso, ndipo tidapangana kuti Loweruka la kishi za ndalama sizitchulidwa. Munthu akamayang'ana poto m'malo moyang'ana nkhope ya mnzake, lilime limamasuka.

Ndi pa nthawi yotere pamene adandiuza za mayi wina wokalamba amene adamusambitsa ndi kumudyetsa kwa miyezi isanu ndi iwiri. Mayiyo adamwalira usiku, popanda mbale aliyense pambali, dzanja lake lili m'dzanja la mkazi wanga. “Ndidalira, bambo a mwana,” adatero, “koma sindikudziwa ngati ndinkalira iwowo kapena amayi anga. Ndikusamalira amayi a eni ake, anga akutunga okha madzi.” Nkhani imeneyi adaisunga milungu itatu. Pa mafoni a masiku onse aja siikadapeza polowera.

Inenso ndidamuuza zimene anthu amanena kuno. Pa maliro ena munthu wachikulire adandiuza mosabisa kuti mkazi akawoloka nyanja ndiye kuti wapita, ndipo kuti mwamuna wanzeru amayang'ana pafupi. Ena amaseka kuti ndine mwamuna wodyetsedwa. Mawu otere ukawasunga wekha amamera mizu. Nditawatulutsa, iye adakhala chete, kenaka adandiuza kuti nakonso amamva zofanana zokhudza amuna otsala kumudzi. Tidaona kuti mphekesera ndi imodzi, yangovala malaya awiri.

Funso lovuta koposa lidachokera kwa mwana. Loweruka lina akupukuta tebulo, osayang'ana n'komwe foni, adafunsa kuti: “Amayi, kodi kwanu ndi kuti tsopano?” Ndidamva mtima wanga ukugunda. Amayi ake sadathamangire kuyankha. Adati: “Kuno ndi kuntchito, mwanangu. Kwathu ndi kumene kuli iwe.” Mwanayo adangoti “chabwino,” n'kupitiriza kupukuta. Koma usiku umenewo adapempha yekha kuti aimbenso foni, ndipo adacheza ndi amayi ake za mnzake wa m'kalasi amene adayambana naye, nkhani imene ine sindinkaidziwa.

Mu Januwale wina mvula yamphamvu idagwa, magetsi adazima, netiweki n'kuthawa tili pakati pofutukula ufa. Tidadikira, koma siidabwere. Mwana adati tipitirize, popeza amayi nawonso sangasiye. Mmawa mwake zithunzi zitalowa, tidaona nthawi imene chilichonse chidajambulidwa: makishi awiriwo adaphulidwa motalikirana ndi mphindi zosakwana 10. Palibe adauza mnzake. Aliyense ankadziwa pamene mnzake wafika.

Ikapsa timaisiya izizire pang'ono, kenaka timadula nthawi imodzi, mwana n'kupemphera. Iye amagawira anzake a m'nyumba, mmodzi wa ku Zimbabwe ndi awiri a ku Nigeria, amene tsopano amadziwa kuti Loweruka loyamba khitchini ili ndi mwini wake. Ife timakulunga gawo limodzi kupita nalo kwa apongozi.

Zimene kishi singathe

Ndisanamize owerenga. Mazira anayi, fulawa, majarini, mkaka, makala ndi bandulo ya maola atatu si ndalama yochepa, ndipo mabanja ambiri amene ali motalikirana sangakwanitse mwezi ndi mwezi. Ife tikutha chifukwa cha ndalama zomwezo zimene zidatilekanitsa. Foni siinyamula fungo, siigwira mwana pamphumi akatentha thupi, ndipo siiluka tsitsi. Mwana wathu akukula, ndipo pali zinthu zimene mtsikana amafuna kumva kwa amayi ake ali pa mphasa imodzi.

Palinso mtolo wina umene mkazi wanga amausenza. Dziko la Malawi lili pa mndandanda wa maiko 55 amene bungwe la World Health Organization lidatchula mu 2023 kuti ali ndi kuchepa koopsa kwa antchito azaumoyo. Iye akudziwa kuti wodi imene adaisiya siidachepe odwala chifukwa choti iye wachoka. Akudziwanso kuti namwino wa zaka 11 akugwira ntchito yotsika kuposa maphunziro ake. Amene amadzudzula anamwino ochoka ali ndi mfundo, koma ayambe afunsa chifukwa chimene munthu wokonda ntchito yake amasiyira mwana wa zaka 9 n'kukwera ndege. Mu Julaye 2025 boma la Britain lidatsekeratu khomo lolembera antchito atsopano osamalira okalamba kuchokera kunja, zimene zidatikumbutsa kuti moyo wa banja lathu wapachikika pa malamulo amene sitiwapanga ndife.

Pakali pano akuwerengera mayeso a bungwe la Nursing and Midwifery Council kuti alembetsedwe ngati namwino kumeneko. Akakhoza n'kupeza ntchito ya unamwino, lamulo limalola namwino kuitana banja lake. Pamenepo padzabuka funso lina: tipite ife, kapena asonkhanitse zimene adapitira n'kubwerera? Ine ndili ndi ana asukulu amene ndimawakonda, apongozi akukalamba, ndipo nyumba imene tikumanga yafika pa mawindo. Sitidagwirizanebe chimodzi. Koma nkhaniyi tikuikamba, pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, poto ali pa moto. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa anzanga amene akazi awo kapena amuna awo ali ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Dublin kapena kwina kulikonse, sindikunena kuti muphike kishi. Mwina kwanu ndi chigumu, futali, kapena thobwa la agogo anu. Chofunika ndi ntchito imene manja a anthu awiri angagwire nthawi imodzi, yotenga nthawi yokwanira kuti mafunso anayi aja athe, nkhani zenizeni ziyambe.

Kope la agogo ndidabweza monga ndidalonjezera. Lisadabwerere, mwana adakopera tsamba la kishi m'kope lake latsopano, ndipo adaligawa pawiri ndi rula: mbali ina adalemba “za pa mbaula,” mbali ina “za mu uvuni.” Chenjezo la agogo lija adalilemba pansi, modutsa mbali zonse ziwiri. Apongozi, amene amalawa mwezi uliwonse ali chete ngati woweruza, posachedwapa adapereka chigamulo chawo: mchere ukuchepabe, koma chigoba chayamba kufanana ndi cha bambo awo. Atiuzanso kuti m'dzinja bambo awo ankathiramo bowa. Tsono mvula ikagwa, amayi a m'mphepete mwa msewu wa ku Lilongwe akayamba kuyala bowa m'mbale zawo, tidzayesa imeneyo. Mkazi wanga wanena kale kuti bowa wa m'sitolo za ku Leeds alibe fungo la dothi, ndipo kuti mwezi umenewo kishi yokoma idzakhala yathu.